Bakha wa mutu wobiriwira musamufune kuno

Bambo wina wa ku Chelstone wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo anaona chithunzi cha bakha wa mutu wobiriwira akusambira mchira uli m'mwamba, ndiye akufunsa kuti angamupeze padziwe liti muno mu Lusaka.

Bambo, ameneyo ndi mallard, ndipo kwawo ndi ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Kuno si kwawo. Koma abale ake tili nawo, aja osamira pansi pa madzi, ongoviika mutu n'kumasefa matope ndi mlomo pofuna njere ndi tizilombo. Chovuta n'chakuti mwa athuwa, wamwamuna ndi wamkazi amavala zofanana, nthenga zotuwa zamawangamawanga. Mukamafuna utoto pathupi mubwerera mukudandaula. Yang'anani mlomo.

Amene mungayambe kumuona ndi red-billed teal: mlomo wofiira, pamutu pakuda ngati wavala kapusi, masaya oyera. Yellow-billed duck ndi wamkulupo, mlomo wachikasu wokhala ndi banga lakuda pamwamba. Ameneyu mudikireni atambasule phiko, muona chigamba chobiriwira chonyezimira chimene amabisa akakhala phee. Kachitatu ndi blue-billed teal, kamene mabuku akale amakatchula Hottentot teal. N'kakang'ono, mlomo wabuluu, ndipo kamakonda kukhala m'mphepete mwa bango. Ine ndinakadutsa kangapo ndikuyesa mwana wa bakha wina.

Ngati mwanayo akufunabe utoto weniweni, funani African pygmy goose pamadzi odzala maluwa a kakombo, chifukwa amadya njere zake. M'nthiti ndi mofiirira ngati lalanje, nkhope yoyera, ndipo wamwamuna ali ndi banga lobiriwira m'mbali mwa khosi. Kwa ine mallard safikako.

Tsono malo. Lusaka ilibe nyanja, tisanamizane. Poyambira, Goma Lakes ku yunivesite ya UNZA ndi pafupi ndi kwanuko ndipo mwana angaphunzirepo kugwira mabainokyula, kungoti abakha sakhalapo nthawi zonse. Madamu a m'mafamu a ku Chisamba ndi abwinopo, koma pemphani kaye kwa eni ake. Kwenikweni ndi ku Kafue Flats, dambo lalikulu limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, mu 1991. Kumpoto kwake kuli Blue Lagoon National Park, makilomita pafupifupi 120 kumadzulo kwa Lusaka. Kum'mwera kuli Lochinvar National Park, yolowera ku Monze, kumene kwalembedwa mitundu ya mbalame yoposa 400.

Pitani m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, madzi akaphwa mbalame n'kuunjikana pamene patsala. M'dzinja misewu ya kudambo ndi matope okhaokha. Fikani mbandakucha, dzuwa likhale kumsana kwanu, apo ayi bakha aliyense aoneka wakuda bii. Mwanayo asayandikire madzi, mu Kafue muli ng'ona. Ndipo a BirdWatch Zambia, bungwe losamalira mbalame, amakonza maulendo oona mbalame, afunseni musanathire mafuta m'galimoto.