Nsomba za Pansi pa Ayezi Zimadya Chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa sayansi kusekondale. Akuti ankaphunzitsa mmene zamoyo zimadyerana, mwana wina n'kuimika dzanja: "Chimbalangondo choyera chija chimadya akatumbu a m'nyanja, akatumbuwo amadya nsomba. Nanga nsombazo zimadya chiyani kumalo kopanda udzu, kumene nyanja yaphimbidwa ndi ayezi ndipo dzuwa limatha miyezi osatuluka?" Aphunzitsiwo akuti anangoyankha kuti "ndere" n'kupitiriza phunziro, koma mumtima sanakhutire.

Aphunzitsi, simunaname. Ndi ndere ndithu. Chimene mukanawonjezera n'chakuti nderezo zimabwera pa nthawi yake, ndipo chamoyo chilichonse cha kumeneko ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, chinazolowera kalendala imeneyo monga mlimi adikirira mvula yodzalira.

Tiyambe ndi ayezi weniweniyo, chifukwa ambiri timamuona ngati chivundikiro chabe. Madzi a m'nyanja yamchere amaundana kukazizira kufika pafupifupi madigiri -1.8. Akamaundana, mchere sulowa nawo. Umafinyikira pambali n'kutsalira m'timing'alu ndi tinjira tambirimbiri, tina topyapyala kuposa tsitsi, todzaza ndi madzi owawa mchere kwambiri. Mkati mwake mumakhala ngati mkati mwa chulu. Kukazizira kufika madigiri -10, madzi a m'tinjiramo amakhala ndi mchere wochuluka kuwirikiza pafupifupi kanayi kuposa wa m'nyanja. M'menemo ndimo mumakhala tindere ta selo imodzi totchedwa diatom, tokhala ndi chikamba changati galasi, pamodzi ndi mabakiteriya, mavairasi ndi tizilombo tina tosaoneka popanda maikulosikopu. Tindereti ndi mabakiteriya timatulutsa zinthu zoterera ngati therere, zimene zimatiteteza ku chisanu ndi mchere.

Funso la mwana uja lagona pa nyengo ya mdima. Ku Longyearbyen, m'zilumba za Svalbard kumpoto kwa dziko la Norway, dzuwa limalowa kumapeto kwa Okutobala osaonekanso mpaka pakati pa Febuluwale. Ndere sizingapange chakudya popanda kuwala, choncho zambiri zimangokhala duu, n'kumadya pang'onopang'ono mafuta amene zinasunga. Nthawi imeneyi amene amayendetsa mudzi ndi mabakiteriya. Amadya zotsala: therere lija, tizidutswa ta ndere zakufa, shuga wosungunuka m'madzi. Mabakiteriyawo amadyedwa ndi tizilombo ta selo imodzi tosambira ndi kamchira kapena tiubweya, tizilomboto n'kudyedwanso ndi tina tokulirapo. Mavairasi nawonso amalowa m'mabakiteriya n'kuwaphulitsa, zam'kati mwawo n'kumwazikira m'madzi, mabakiteriya ena n'kuzitola. Chakudya chomwecho chimazungulirazungulira, chikuchepa pang'ono ulendo uliwonse. Wasayansi Farooq Azam ndi anzake anatcha kuzungulira kumeneku microbial loop m'chaka cha 1983. Palinso tizamoyo tina tochenjera: kukakhala dzuwa timapanga chakudya ngati chomera, kukada timameza mabakiteriya ngati nyama. M'mabuku a sukulu timagawa zamoyo m'magulu awiri, zolima ndi zodya zolimidwa. Kumeneko malirewo sagwira ntchito.

Tinyama tokulirapo, totchedwa copepod, tina tautali ngati kanjere ka mpunga, timachita zosiyana. Mitundu ya Calanus imadzaza thupi ndi mafuta m'nyengo ya chakudya, kenako imatsikira pansi pakuya kukagona mpaka nyengo isinthe.

Kuwala kukangoyamba kubwerera, zinthu zimafulumira kuposa mmene asayansi ankaganizira. Mu Seputembala 2019 sitima ya ku Germany yotchedwa Polarstern inanyamuka ku Tromsø ku Norway, dala n'kukadziumitsa mu ayezi wa pakati pa Arctic, n'kumatengedwa nawo pafupifupi chaka chathunthu pa ulendo wotchedwa MOSAiC. Wofufuza wa ku Norway Fridtjof Nansen anachitapo zomwezo ndi sitima yake Fram kuyambira 1893 mpaka 1896. A pa Polarstern anapeza kuti ndere zinayambiranso kukula kumapeto kwa Malichi, dzuwa litangosuzumira kumene, kuwala kofika pansi pa ayezi kuli kochepa zedi. Masabata akamapita, masentimita ochepa a pansi penipeni pa ayezi amasintha mtundu. Wofufuza akaboola n'kutulutsa chidutswa chachitali ngati musi, chonsecho chimakhala choyera, koma kunsonga kumene kunakhudza madzi kumakhala kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Munda wake ndi umenewo. Ndipo chimene chimalamula kwambiri kuwala kofika m'mundamo ndi chipale chofewa chimene chagwa pamwamba pa ayezi: chikakhuthala, pansi pamakhalabe mdima.

Apa ndi pamene ndikufuna mugwire, aphunzitsi. Chakudya chimabwera kawiri. Choyamba ndi ndere za mu ayezi. Chachiwiri ndi ndere zoyandama m'madzi, zimene zimachuluka ayezi akayamba kusweka, kawirikawiri patapita miyezi ngati iwiri. Ofufuza a ku Svalbard anaona kuti Calanus glacialis wamkazi amakwera kudzadya ndere za mu ayezi kuti aikire mazira, ndipo ana ake amafika msinkhu wodya kwambiri pomwe chakudya chachiwiri chija chikupsa. Mayi amadya choyamba, ana amadya chachiwiri. Kenako kansomba kotchedwa polar cod, kamene magazi ake ali ndi mapuloteni oletsa kuundana ndipo kakali kakang'ono kamabisala m'ming'alu ya ayezi, kamadya ma copepod onenepawo. Katumbu amadya kansombako, chimbalangondo n'kudya katumbu. Mafuta amene chimbalangondo chimanenepa nawo anayambira ku nsonga yofiirira ija.

Ayezi akasungunuka msanga, mpata wa pakati pa zakudya ziwirizi umafupika, ndipo ana a copepod akhoza kufika chakudya chitatha kale. Ine ndimaona kuti zimenezi n'zodetsa nkhawa kuposa chithunzi chija chotchuka cha chimbalangondo chitaima pa kachidutswa ka ayezi, kungoti n'zovuta kuzijambula. Kuyambira 1979, pamene masetilaiti anayamba kuyeza mosadukiza, ayezi wa mu Seputembala ku Arctic wakhala akuchepa ndi maperesenti pafupifupi 12 pa zaka khumi zilizonse.

Koma musawauze ana kuti zonse zikungofa, chifukwa si mmene zilili. Mu 2011 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Kevin Arrigo, lili m'sitima ya ku America yotchedwa Healy pa nyanja ya Chukchi, linapeza ndere zoyandama zochuluka modabwitsa pansi pa ayezi wosasweka, kumene aliyense ankati n'kwamdima. Ayeziyo anali wopyapyala, ndipo zithaphwi za madzi osungunuka pamwamba pake zinkalowetsa kuwala ngati mawindo. Mu 2012, chaka chimene ayezi wa ku Arctic anachepa kuposa chaka china chilichonse choyezedwa, gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Antje Boetius linatsitsa makamera pansi pa nyanja, mamita opitirira 4,000. Anapeza mibulu ya ndere yotchedwa Melosira arctica, imene imalendewera kunsi kwa ayezi ngati zingwe zazitali. Ayezi atasungunuka inathothoka n'kumira, ndipo zamoyo za pansi pa nyanja zinali kalikiliki kuidya. Chakudya chinalipo chambiri, koma chinakathera pakamwa pena.

Dzina limenelo landikumbutsa kwathu. M'nyanja ya Malawi mulinso ma diatom, ena a mtundu umene kale unkatchedwanso Melosira, pano amati Aulacoseira. Amachuluka mwera ukamawomba, cha mu Juni mpaka Ogasiti, madzi a pansi akavundukira pamwamba. Tinyama ting'onoting'ono timadya ndere, usipa n'kudya tinyamato. Kwathu chimene chimaimba belu ndi mphepo, ku Arctic ndi kuwala.

Ku Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, nyengo n'zotembenuka. Ayezi wa panyanja amafika masikweya kilomita pafupifupi 18 miliyoni mu Seputembala, n'kutsika kufika pafupifupi 2 kapena 3 miliyoni mu Febuluwale. Kumeneko amene ali pakati ndi krill, tinyama tonga tinkhanu tautali ngati chala chaching'ono. Tiana ta krill sitingathe kusala kudya nthawi yaitali, ndiye m'nyengo yozizira timapala kunsi kwa ayezi n'kumadya zimene zamatirirako. Anangumi, ma penguin ndi akatumbu ambiri amadalira krill ameneyu.

Ngati pasukulu kapena kunyumba pali firiji, yesani ichi, ine ndinayesa. Sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a mchere m'lita imodzi ya madzi, zimene zikufanana ndi mchere wa m'nyanja. Thirani m'kapu imodzi, m'kapu ina muthire madzi wamba, ndipo muziumitse usiku wonse. M'mawa khuthulirani zonse m'mbale n'kudonthezera utoto wofiira wa keke pamwamba. Pa ayezi wa madzi wamba utotowo umangotsetserekera pambali. Pa wamchere uja umalowa, n'kumatsika m'timizere tating'ono mpaka pansi. Botolo la utoto mumupatse mwana uja adonthezere yekha.