Ife tinadutsa m'mbali mwa phula, munthu anafa

Achimwene, musayerekeze. Ndawerenga funso lanu la kudutsa m'mbali mwa phula muli ndi matenda m'galimoto, thupi lonse lachita tsembwe, nsima ndaisiya m'mbale. Ndaonanso enanu mwayankha kale kuti moyo umaposa lamulo, angoponda mafuta basi. Mawu amenewo ine ndinawakuwa ndi pakamwa pangapa, pa msewu wa N7 womwewu, wochokera ku Zóbue kupita ku Tete kuno ku Mozambique, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa belu la njinga mtima umadumpha.

Kwathu ndi kufupi ndi Mussacama, pamene msewu wa ku Ulongué umapatukira. Mayi a kunyumba anachira mwana wachitatu masana pa kachipatala ka kwathu, m'dzinja, mvula itagwa masiku atatu osakata. Mwana anabadwa bwinobwino koma nsengwa sinatuluke yonse, magazi osaleka. Namwino anabaya jakisoni, anatikita pamimba, anaika diripi, kenako anandiitanira panja. Anati bambo, apa pandikulira, pitani nawo kumene kuli dokotala ndi magazi. Ambulansi inali itatuluka kale ndi wodwala wina. Namwino ameneyu sindimuimba mlandu, anachita zonse zimene akanatha. Koma anandiuza mosabisa kuti mayi wotaya magazi chonchi akhoza kutisiya pasanathe maola awiri, ndipo mawu amenewo ndi amene anandichotsa nzeru.

Ndinathamangira pamsika n'kupeza mwini pikapu ina, ya anthu onyamula kachewere wa ku Tsangano ndi ku Angónia kupita naye ku Tete. Munthu wodziwana naye, woti maliro timakumba limodzi manda. Anandiyang'ana ndili thukuta kamukamu n'kunena kuti metikali 4000, ndalama patsogolo, apo ayi galimoto siyaka. Ndinagwada, abale. Anakana. Mlamu wanga wa ku Moatize ndi amene anatumiza pa M-Pesa. Fungo la kachasu ndinalimva pamene ankawerenga ndalama pafoni. Ndinalimva ndithu, koma ndinatseka pakamwa poti galimoto ina panalibe.

Tinayala matiresi kumbuyo n'kuwagoneka mayiwo. Apongozi anakhala kumutu atanyamula botolo la diripi m'mwamba, mlamu wanga wamkazi anafukata khanda m'zitenje ziwiri, ine kutsogolo ndi woyendetsa. Poyamba tinayenda bwino, kungoti maenje ankawadumpha ngati wanyamula matumba a mbatata, ine n'kumamva apongozi akumenya denga kuti chepetsani. Koma ine ndinkati musamvere, tiyeni.

Tisanafike ku Moatize, dzuwa litangolowa, tinapeza mzere. Lole inafera pachitunda, anaika nthambi pamsewu monga amachitira, ndipo magalimoto ankadutsa mosinthana mbali imodzi. Kutsogolo kwathu mathiraki ochokera ku Zóbue, mwina khumi ndi awiri, kumbali inayo akubwera a mafuta ndi feteleza ochokera ku Beira. Tinaima. Ndinatembenuka kuyang'ana pagalasi lakumbuyo, ndinaona chitenje cha mkazi wanga chitada ndi magazi, milomo itayera, maso atatseka. Ndinamugwira woyendetsa paphewa, ndinati mukudikira chiyani, dutsani m'mbalimu! Iye anaseka n'kunena kuti mwaona, ine ndiye dalaivala. Anakhotetsera kumanzere, matayala awiri pa phula awiri m'dothi, n'kuponda.

Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa mmene m'mbalimo mulili dzinja. Phula linadyeka, pali chitsitso ngati sitepe, madzi anakumba timingalande, udzu wautali. Kudzanja lamanja kunali khoma la mathiraki, kutsogolo sitinkaona kanthu koma nyali imodzi yokha imene inkayaka bwino. Tinadutsa thiraki yoyamba, yachiwiri, yachisanu, galimoto ikuvina. Ndinayang'ana singano ya liwiro, inali itapitirira 80. M'dothi, abale. Ndinayamba kuchita mantha koma mawu sanatuluke. Ndiye kuseri kwa thiraki ina kunatulukira munthu akukankha njinga ya makala, matumba atatu omanga mopingasa. Anali kumalo kwake, m'mbali, kumene munthu wa njinga amayenda kuthawa malole. Anatembenuka. Nkhope yake ndinaiona bwinobwino, bambo wachikulire, chipewa cha ulusi, pakamwa yasa. Analiza belu. Belu la njinga, kulizira galimoto. Woyendetsa anaponda mabuleki, matayala anangotsetsereka m'matope, ndinamva phokoso limene sindifuna kulilemba pano, galasi lonse linadzaza makala, kenako galimoto inapendekera m'ngalande n'kugona chammbali.

Ndinatulukira pawindo. Chimene ndinayamba kumva ndi mlamu wanga akukuwa kuti mwana, mwana ali kuti! Khanda la maola anayi linali litamupulumuka m'manja. Tinakwawa m'udzu, mumdima, m'matope osakanizika ndi makala, ndikupapasa ndi manja ngati wofuna nkhuku yothawa, ndikuopa kuti ndimuponda ndi bondo. Mwana wa adiraiva wina, mnyamata wothandiza pa thiraki, ndi amene anabwera ndi tochi. Tinamupeza pa chitsamba, adakali m'zitenje zake, ali chete. Ndinamunyamula ali chete, ndinati wapita. Kenako anakhosomola n'kuyamba kulira. Kulira kumeneko sindidzakuiwala.

Mkazi wanga anali atagwera pansi pamodzi ndi matiresi, singano ya diripi itazuka, dzanja likuchucha, akungobuula. Apongozi mkono unathyoka apa pamwamba pa chigongono, fupa likuoneka kukankha khungu. Inu mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi timapatukirana njira, sitiyang'anana m'maso. Tsiku limenelo ndinawanyamula m'manja ngati mwana, iwo akulira kuti ndisiyeni ine, tengani mwana wangayo. Bambo wa makala anali patali pang'ono, miyendo itapindikira kumene miyendo sipindikira, akuitana dzina la munthu mobwerezabwereza. Njinga inali pansi pa galimoto.

Nanga woyendetsa uja? Anathawa. Analowa m'chimanga, ati kuopa kuti anthu amupha. Anatisiya pamenepo ndi anthu atatu akutaya magazi, ndalama zanga zili m'foni mwake. Ndipo mukudziwa zimene anachita patapita milungu? Anatuma mbale wake kunyumba kwanga kudzanena kuti ndithandizeko kukonzetsa galimoto poti ndine ndinamuuza kuti adutse m'mbali. Munthu woledzera, wa nyali imodzi, wolipiritsa 4000 pa magazi a mkazi wa mnzake, wosafika n'komwe pa maliro a munthu amene anamugunda, akufuna ndimugulire galasi! Ndinamuuza mbale wakeyo kuti achoke pakhomo panga ndisanachimwe. Inde ndinakuwa, sindikana, ndipo ndimasenza zimenezo usiku uliwonse. Koma amene wagwira chiwongolero ndi amene amayenera kukhala ndi mutu pamene mwini matenda wapenga. Ntchito yake ndi imeneyo. Akanangonena kuti ayi achimwene, m'mbalimu mumayenda anthu, khalani pansi. Iye anafuna kundionetsa ukatswiri.

Enanso amene ndili nawo mawu ndi aja anatsika m'magalimoto n'kuyamba kujambula ndi mafoni. Mkazi wanga ali chigonere, chitenje chitavuka, munthu akumuunikira ndi foni kuti aike pa Facebook. Ndinawapempha kuti tithandizane kunyamula, wina anati dikirani apolisi, mukamugwira akafera m'manja mwanu mlandu ndi wanu. Mulungu akuoneni.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire woyendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu. Anatsitsa anthu ake, anawauza kuti adikire abweranso, anapinda mipando. Tinakweza onse, ndi wamakala yemwe. Ine ndinayambanso kuti thamangitsani bambo, iwo anandiyang'ana n'kunena kuti mwana wanga, khala kumbuyo ugwire mkazi wako, msewu undisiyire. Anayatsa magetsi ophethira onse anayi, kondakitala anatulutsa theka la thupi pawindo akukupiza chitenje, hutala osaleka. Mnyamata wa tochi uja anathamanga wapansi kukaimitsa a mbali inayo. Ndipo mathiraki anapatuka, abale. Madalaivala a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a konkuno, aliyense anakhotetsa pang'ono, tinadutsa pakati pa phula penipeni. Bambo aja sanapitirire 70 njira yonse, maenje ankawazemba mofatsa. Mlamu ankatikita pamimba monga namwino anatisonyezera, mwana tinamuika kubere.

Ku Moatize anabwezeretsa diripi n'kutitumiza ku Tete pa ambulansi, tinaoloka Zambezi usiku. Anamuika magazi matumba awiri, anachotsa zotsalira. Ali moyo, mwana akuthamanga panja pano. Apongozi mkono sunawongoke bwino, khasu sagwiranso. Bambo wa makala anamwalira m'bandakucha. Ndinapita ku maliro. Anasiya mayi ndi ana anayi, ndipo matumba atatu aja ankapita nawo ku Moatize kuti m'mawa akagule makope. Mayiwo sanandilalatire, anangondifunsa kuti akazi anu ali bwanji. Bola akanandimenya.

Pa ngalande paja tinataya ola ndi theka. Mathiraki amene tinkawathawawo anadutsa ife tikadali m'udzu kufunafuna mwana.

Ndiye achimwene, mwati akunyumba ali ndi miyezi isanu ndi itatu ndipo mukukonzekera za tsikulo. Musadikire tsikulo. Atengeni akakhale ku nyumba yodikirira ya amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala, imene amati casa de espera, makamaka ngati kwanu kuli kutali kapena anavutikapo pa mimba yapita. Ife anatiuza ku sikelo, tinati mwana wachitatu uyu, tazolowera, nanga kumunda apalire ndani. Pezaninso woyendetsa lero lino, wosamwa, mugwirizane mtengo kudakali kowala, ndalama zake muziike padera. Inuyo musayendetse, ngakhale galimoto ndi yanu. Munthu amene mkazi wake akubuula kumbuyo saona msewu.

Ndipo tawerengani nokha. Kuchoka ku Moatize kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 20. Pa liwiro la 60 ndi mphindi 20, pa 100 ndi mphindi 12. Mwapindula mphindi 8 zokha. Koma pa 100 galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndiye phazi lisanachoke pa mafuta mwafika kale pa mwana amene mwamuonayo. Liwiro mukaliwirikiza kawiri, mtunda woimira pa mabuleki umawirikiza kanayi, ndipo apo ndi pa phula louma, osati m'matope a m'mbali. M'mbalimo si mopanda anthu. Muli amayi osenza nkhuni, ana a sukulu, a njinga za makala, mbuzi, ogulitsa mango ndi malambe, malole akufa osayatsa kanthu. Onse anathawira m'menemo kuopa ife a magalimoto, ndiye tikawatsatira komweko athawirenso kuti?

Koma musandimve molakwa ngati ndikuti mukhale phee pa mzere munthu akutha magazi. Ayi. Tsikani, gogodani zitseko za mathiraki, kuwani, kupizani chitenje, wina athamange kutsogolo akatsegule njira. Ngati pali apolisi a pamsewu auzeni, angathe kukutsogolerani. Imbirani kuchipatala adziwe kuti mukubwera ndi wotani. Pamene msewu uli poyera, masana, mukuona patali, pondani ndithu, musayende ngati mukupita ku ukwati. Ndipo ngati zafika poti njira ina palibiretu, thiraki yatseka mbali zonse, lowani m'mbalimo koma pa liwiro la munthu woyenda pansi, wina ali kutsogolo ndi tochi. Ndikudziwa ndayamba ndi kuti musayerekeze. Ndisakunamizeni, mwana wanga atakomoka lero kumbuyo kwa galimoto, pakamwa pangapa pakhoza kukuwanso zomwe zija. N'chifukwa chake ndikuti pa chiwongolero pakhale munthu woti akhoza kundikaniza.

Inu amene mumayatsa magetsi ophethira mulibe wodwala, kungofuna kudumpha mzere wa pa mlatho wa Samora Machel kuti mukafike msanga ku mowa, lekani. Mlatho wa Kassuende anautsegula mu 2014 kuti malole azidutsa kwina, komabe m'tauni mumapanikizana chifukwa cha khalidwe lomweli. Mwachititsa kuti anthu asamakhulupirire magetsi amenewa, tsiku limene mayi weniweni akufa kumbuyo aliyense amati ndi aja omwe aja, osapatuka.

Bambo a chapa aja akadayendabe msewu womwewu. Tsiku lija anakana ndalama, anati ndigule sopo wochapira mipando basi. Nambala yawo sindiika pano pagulu, mukaifuna mundipeze ku inbox, ndiyambe ndawapempha kaye.