Offset yanji kuti matayala a Hilux alingane ndi fenda?

Achimwene ena a ku Chirimba anditumizira imelo. Ali ndi Hilux ya 2017 ndipo akuti matayala ake amaoneka obisala m'kati mwa bodi. Akufuna marimu oti tayala lizithera pomwe fenda yathera, osalowa, osatuluka. Wogulitsa wina ku Limbe wawaonetsa a 17x9 (kukula inchi 17, m'lifupi inchi 9) olembedwa ET0. Agule kodi?

Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba.

Offset ndi mtunda, m'mamilimita, kuchokera pakati penipeni pa m'lifupi mwa rimu kufika pamene rimuyo imagunda hub, pomangira manati paja. Nambala ikakhala yaikulu, tayala limalowa m'kati, ikamatsika, limatuluka. Imadindidwa kumbuyo kwa rimu, pambali pa zilembo ET. Ma Hilux ambiri a mtundu wanuwu amabwera ndi 17x7.5 ET30, koma masulani tayala limodzi muone nokha.

Tiyeni tiwerengere a ku Limbewo. Kuchoka pa ET30 kufika pa ET0, rimu yatuluka kale 30 mm. M'lifupi namo mwawonjezeka inchi imodzi ndi theka, yomwe ndi 38 mm, ndipo theka lake, 19 mm, likupita kunja. Pamodzi 49 mm, pafupifupi masentimita 5! Ambiri amangoyang'ana ET n'kuiwala m'lifupi, ndiye amadabwa tayala litatulukira kunja kwa bodi.

Musanapitenso kusitolo, yezani galimoto yanu. Iimikeni pamalo athyathyathya, chiwongolero chili chowongoka. Mangani nati kuchingwe, chilendewetseni kuchokera pamlomo wa fenda, pamwamba penipeni pa tayala, ndipo yezani ndi tepi kuchokera pachingwepo kufika pomwe tayala latupa kwambiri. Teroni kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa mipatayi siikhala yofanana nthawi zonse. Tinene kuti mwapeza 25 mm. Rimu ya 17x8.5 ET20 ituluka pafupifupi 23 mm: 13 a m'lifupi, 10 a offset. Imeneyo ndiye yanu. Ngati mukusinthanso matayala kuchoka pa m'lifupi mwa 265 mm kupita pa 285 mm, kumbukirani kuti mbali iliyonse ikula ndi 10 mm.

Ine ndimalangiza kuti tayala litsalire m'kati ndi mamilimita ochepa kusiyana ndi kuti lipitirire, ndipo pamenepa sindisintha maganizo. Mvula ikayamba mu Blantyre muno, tayala lotuluka limamwaza matope mpaka pagalasi la chitseko, timiyala n'kumakanda penti, oyenda pansi n'kumathiridwa madzi. Chachikulu n'chakuti tayala likatalikira hub, maberingi ndi ma ball joint amasenza kulemera mopendekera ndipo amatha msanga. Mukagwera m'dzenje, chiwongolero chimakukankhani m'manja mwamphamvu. Ganizirani mukutsika makona a ku Thabwa kupita ku Chikwawa, kumbuyo kuli matumba a simenti. Si malo ofunirapo galimoto yovuta kuwongola.

Chinanso, musakhulupirire kuti rimu iliyonse ya mabawuti 6 ikwana. Hilux ndi Ford Ranger zonse ndi 6x139.7 (mabawuti 6 pa bwalo la 139.7 mm), koma bowo lapakati la Hilux ndi 106.1 mm pomwe la Ranger ndi 93.1 mm, choncho rimu ya Ranger siilowa pa hub yanu. Nissan Navara D40 ndi D23 ndiye zosiyaniratu, 6x114.3. Onaninso kulemera komwe rimu inalembedwa kuti ingasenze. Pikapu ndi yonyamula katundu.

Mukasankha, pemphani wogulitsayo amange rimu imodzi kutsogolo, tayala lili kale, musanalipire. Galimoto itsike pa jeki, mukhotetse chiwongolero mpaka pamapeto kumanja ndi kumanzere, wina akusuzumira ngati tayala likukhula pulasitiki wa m'kati mwa fenda kapena chotchinga matope. Yesaninso mukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Wogulitsa akakana kuyesa, pitani kwina.