Kodi ekitala waluso angadzutse filimu yofooka?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akukonza kafilimu kawo koyamba ndi ndalama za m'thumba mwawo. Akuti sikiripiti akuiona okha kuti siinapse bwinobwino, ndiye akufunsa ngati kupeza munthu mmodzi wodziwadi sewero nkumulipira bwino kungaidzutse filimuyo.

Achimwene, ingadzuke ndithu, koma tamvani kaye za filimu ya The Whale ya 2022 ija, yomwe anaitsogolera Darren Aronofsky. Anaipanga ndi madola pafupifupi 3 miliyoni, zomwe ku America ndi ndalama yochepa zedi, ndipo pafupifupi zonse zimachitikira m'nyumba imodzi ku Idaho. Kunena zoona ine filimuyi payokha siinandigwire mtima. Inachokera ku sewero la pasiteji la Samuel D. Hunter ndipo zimachita kuonekeratu, anthu amangolowa pakhomo, kulankhula mawu ataliatali, kutuluka, wina nkulowanso, komanso nyimbo zake zimakukakamiza kulira iwe usanafune. Olemba za mafilimu ambiri anaidandaulanso. Koma Brendan Fraser, ekitala wamkulu wa m'filimuyi, anatenga Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, mu March 2023.

Anachita chiyani? Amasewera Charlie, mphunzitsi wolemera makilogalamu pafupifupi 270 amene amaphunzitsa pa intaneti kamera atazimitsa chifukwa cha manyazi. Thupi lonse linali lochita kumuveka, kuyenda movutikira, ndiye chomwe anatsala nacho ndi maso, mawu ndi kapumidwe basi. Pali pomwe mwana wake wamkazi amamunyoza mawu oti kholo lina lililonse likanapsa mtima, iye amangomuyang'ana, maso ali ndengundengu misozi koma nkhope ikuwala ngati waona chinthu chamtengo wapatali, mpaka iwe woonera umayamba kumufunafuna mwana wabwino amene bamboyu akumuona. Chimenecho sichilembedwa papepala ayi. Ekitala weniweni amasewera kwambiri nthawi imene mnzake ndiye akulankhula, amamvetsera ngati mawuwo akuwamva koyamba, chonsecho awabwereza kakhumi kuyambira m'mawa.

Komatu musaiwale kuti sanali yekha. Hong Chau, amene ankasewera nesi yemwe ndi mnzake wa Charlie, nayenso anaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, ndipo malo amene awiriwa ali limodzi ndi omwe amakoma kwambiri. Mukaika katswiri mmodzi pakati pa anzanu a m'dera amene angoloweza mizere dzulo usiku, kusiyana kwake kumachita kubaya m'maso, filimu imaoneka yoipa kuposa poyamba.

Ndiye ine ndikanakhala inu, ndalamazo ndikanazigawa. Pezani awiri aluso osati mmodzi, ndipo khalani nawo masiku angapo kamera isanabwere, muwerenge limodzi, akakuuzani kuti mzere uwu munthu sangaulankhule chonchi muwamvere, mufufute, chifukwa nthawi zambiri theka la zomwe munalemba nkhope yawo ikhoza kunena yokha. Bowo la mu nkhani, monga munthu kusintha mtima popanda chifukwa, limenelo ndi lanu, mukonze nokha asanafike.

Pojambula yandikizani kamera kunkhope ndipo musathamangire kudula akangomaliza kulankhula, dikirani masekondi angapo. Ndipo chonde bwerekani maikolofoni yabwino, zimandiwawa kwambiri kuona munthu akusewera ndi mtima wake wonse koma chomwe chikumveka ndi mphepo ndi jenereta ya kwa aneba.