Chepetsani kope, choyambacho chisungeni

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake tsamba lanu la zithunzi za ukwati wa ku Malindi likukana kulowa pa intaneti. Lakula kwambiri. Tsamba la mainchesi 12 mbali zonse, lopangidwa pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchesi iliyonse), limakhala ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, 3600 m'litali ndi m'lifupi. Kukula kumeneko n'kosindikizira, osati koonera pa foni.

Litseguleni mu Paint, pulogalamu ya zithunzi ya pa kompyuta, dinani Resize, sankhani Pixels, lembani 800. Mukatero lisungeni ngati JPEG (mtundu wa fayilo ya chithunzi), koma ndi dzina lina. Pamenepa ndikukupemphani, musalakwitse. Ine ndinasunga chithunzi chaching'ono pamwamba pa choyambacho, ndipo nditasindikiza, nkhope ya agogo anga atakhala patsinde pa mlambe inangotuluka mbuu. Mpaka lero zimandiwawa.

Mukalichepetsa chonchi, bandulo nayonso siitha msanga.