Za sikipa ya Catbirds ija

Eya, moni nonse m'gulumu. Amayi, uthenga wanu ndaumva, ndikuimbirani madzulo. Panopa ndimuyankhe kaye mphwanga pa chithunzi watumiza chija, sikipa wagula pa kaunjika yolembedwa La Crosse Catbirds, akufunsa kuti ndi timu ya chani ndipo kodi ikadalipo.

Iwe mphwanga, nditangochiona chithunzicho mtima wanga unachita kuti phaa. Imeneyo inali timu ya basiketibo ya ku America, koma osati ya NBA, ligi yaikulu ya kumeneko, ayi, inali mu ligi yaing'ono yotchedwa CBA, ya anyamata amene atsala pang'ono kulowa NBA kapena alowako n'kubwezedwa. Ndipo timuyo kulibenso, inatha kalekale iwe usanabadwe.

Inayambira ku Louisville mu 1983, kenako mu 1985 anaisamutsira ku La Crosse, ku Wisconsin, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, anthu ake cha m'ma 50,000 basi, kuchepa kuposa Zomba. Catbird'yo ndi kambalame kotuwa ka kumeneko, kakamalira umangoti ndi mphaka. Ndiye taganiza, tauni yaing'ono choncho, nyengo yozizira kunja chipale chofewa mbuu, mdima umagwa msanga, anthu ankakhamukira mu holo ya La Crosse Center kukachemerera anyamata awo, ndipo osewerawo sanali anthu owaonera pa TV ayi, ankakumana nawo m'sitolo momwemo.

Chinaitchukitsa timuyi ndi kochi, Flip Saunders. Anabwera mu 1989 kuchokera ku Rapid City Thrillers, sizoni yoyamba yomweyo, 1990, n'kutenga chikho, ndipo mu fainolo anagonjetsa Rapid City yomwe anachokayo. 1992 anatenganso, fainolo yake ndi Rapid City yomweyonso, ulendo uno mpaka magemu 7. Pa timu ya 1992 panali David Rivers, mnyamata wamfupi koma waliwiro, amene pambuyo pake anapita ku Greece n'kukatenga chikho cha ku Europe ndi Olympiacos mu 1997. Ndiye osamaganiza kuti poti ligi yaing'ono ndiye kuti kunali osewera a masanje, kunali akatswiri enieni, kungoti malo ku NBA ndi ochepa.

Ndipo ntchito ya kochi mu ligi imeneyo inali yowawa, izi anthu ambiri sazidziwa. NBA ili ndi makontrakiti a masiku 10, ndiye mnyamata wako akangoyamba kuthyakula bwino, foni yalira, mawa wanyamuka, iwe gemu ili Loweruka uyambirenso kupanga timu ndi otsalawo. Kuwina kwako komweko ndi kumene kukukulanda osewera. Komanso mapointi awo ankawerenga mwa mtundu wina, gemu imodzi inali ndi mapointi 7, atatu a wowina gemu, ndiye kotala iliyonse mwa zinayi zija ili ndi pointi yakeyake. Olo mukuluza ndi zambiri mumalimbikirabe kuti mutoleko kotala yomaliza. Ineyo lamulo limeneli ndimalikonda mpaka lero, bwenzi ataliyesako ngakhale m'maligi a kwathu, palibe amene amagona gemu isanathe.

Tsono kutha kwake ndi kumene kumandipweteka. Timuyi siinafe chifukwa choluza. Mu 1994, patangopita zaka ziwiri chitengereni chikho, anainyamula kupita nayo ku Pittsburgh, mzinda waukulu, n'kuisintha dzina kukhala Pittsburgh Piranhas. Kumeneko kuli kale matimu akuluakulu a masewera ena, Steelers, Penguins, Pirates, ndani angaitaye nthawi ndi timu ya ligi yaing'ono? Anyamatawo anasewera bwino ndithu mpaka kufika fainolo ya 1995, n'kuluza kwa Yakima Sun Kings, basi sizoni imodzi yomweyo timu n'kutsekedwa. Kuzula mtengo pamene unamera bwino n'kukaubzala pa thanthwe. Anthu a ku La Crosse anawapatsa timu ina mu 1996, Bobcats, koma nayonso inafera limodzi ndi ligi. Isiah Thomas, katswiri wakale wa timu ya NBA ya Detroit Pistons, anagula CBA yonse mu 1999 ndi madola 10 miliyoni, mu 2000 n'kupeza ntchito ya ukochi ku Indiana Pacers, ndiye malamulo a NBA sankalola kuti akhale kochi uku ali mwini ligi, wogula sanapezeke, ndalama zinauma, February 2001 ligi n'kuima sizoni ili pakati. Chaka chomwecho NBA inayambitsa ligi yakeyake yaing'ono, imene pano mukuitcha G League. CBA inadzukanso pang'ono koma mphamvu zinali zitapita, mu 2009 inatheratu.

Saunders yekha ndiye anakwera. Anadutsa ku Sioux Falls chaka chimodzi, 1995 n'kulowa timu ya NBA ya Minnesota Timberwolves, chaka chomwe anatenga Kevin Garnett ali kamnyamata kongochoka ku sekondale, ndipo ndi iyeyo anamukuza mpaka kukhala Garnett amene mukumudziwayo. Saunders anamwalira mu 2015 ndi khansa, ali ndi zaka 60. Tsiku limenelo ndinakhala chete nthawi yaitali, ngati ndataya wachibale.

Ndiye mphwanga, ndamva ukuti ndi yaikulu ukufuna ukaidulitse kwa telala. Chonde usaidule. Ngati ndi yeniyeni ya nthawi imeneyo ndiye kuti yadutsa zaka 30, munthu wina anaivala mu holo ija akukuwa, kenako yayenda m'belo mpaka kufika m'manja mwako. Uzichapa ndi madzi ozizira, utaitembenuza, osaisita pa zolembapo. Ikakukulira zedi undisungire, ndikubwezera ndalama yako ndi kukugulira ina. Unditumizirenso chithunzi cha kumbuyo ndi kalebulo ka pakhosi, ndione ngati pali chaka.