Sunagoge wa Bevis Marks ku London

Mwafunsa kuti ndi sunagoge uti ku Britain amene wakhalitsa kuposa onse akugwirabe ntchito. Ndi wa Bevis Marks mumzinda wa London, amene anatsegulidwa mu 1701. Mpingo wake ndi wakale kuposa nyumbayo, pakuti unayamba mu 1657, Oliver Cromwell, wolamulira dziko pa nthawiyo, atalola Ayuda kukhalanso ku England, kumene Mfumu Edward I inawathamangitsa mu 1290. Makolo a ambiri mwa iwo anathawa chizunzo ku Spain ndi Portugal. Chimene chimandikhudza n'chakuti mabenchi ena akuchokera m'nyumba yawo yoyamba ya ku Creechurch Lane, ndipo pa maukwati amayatsabe makandulo pa zoikapo nyali zamkuwa zolendewera kudenga, ngakhale mabomba a IRA, gulu la zigawenga la ku Ireland, anaononga mbali zina za nyumbayi mu 1992 ndi 1993.